Amene Afuna Kumva Zathu Ayambe Watiuza Zake



Sabata ino tabwera ndi nkhani ya kachipangizo kamene ambiri a ife tili nako m'manja pamene tikuwerenga mawu ano. Pa foni timagwirizana mtengo wa usipa ndi ogula a ku Limbe nsombazo zisanaume pa thandala. Pa foni timalandirira ndalama zochokera kwa achimwene amene ali ku Joni. Pa foni mayi amauza mwana wake zimene adokotala apeza, mnyamata amafunsira mbeta, ndipo wosauka amapempha ngongole mwamanyazi kwa mnansi wake. Zimene makolo athu ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, ife timazinena pa foni. Tsono funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yoona zodutsa m'foni si la anthu a m'tauni kapena la ophunzira okha ayi. Ndi funso lathu.

Ife tikunena poyera kuti pa nkhani imeneyi zinthu m'dziko muno zaima chadodolido. M'dziko la ufulu, chitseko cha nzika chimayenera kukhala chotseka ndipo chitseko cha boma chimayenera kukhala chotsegula, pakuti boma ndi wantchito amene timamulipira ndi misonkho yathu. Kwathu kuno boma limafulumira kugula zida zoonera m'moyo wa anthu, koma limazengereza kuuza anthuwo kuti zidazo zimaona chiyani, amaziyendetsa ndani, ndipo amene angazigwiritse ntchito molakwika adzayankha kwa yani. Zimenezi n'zolakwika pansi pa chipani chilichonse, ndipo tikufuna kusonyeza chifukwa chake.

Malindi akukumbuka

Anthu a dera lino safunika kuwaphunzitsa za kuipa kwa boma losuzumira. Mu Sepitembala 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu wodzilamulira, nduna zidasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda. Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa mpingo wa Anglican, adatula pansi udindo wake nabwerera kwawo kuno ku Malindi, ndipo boma lidamulamula kuti asapitirire mamailosi 4 kuchokera pakhomo pake. Iye adazemba nalowa m'mapiri. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, iye ndi anthu ake adathira nkhondo boma la Fort Johnston, lomwe lero tikulitcha Mangochi, koma ulendo wawo wopita ku Zomba udathera pa doko la Liwonde. Zimene zidatsatira agogo athu amazidziwa: asilikali m'midzi, nyumba zotenthedwa, ndi anthu a m'mudzi wa Moto kutengedwa chigulu kukatsekeredwa. Sitikuweruza pano ngati Chipembere adakhoza kapena adalakwa potenga zida. Tikukumbutsa zimene zidagwera anthu wamba. Munthu ankasowa pamudzi chifukwa cha mawu amene sadauzidwe, onenedwa ndi munthu amene sadamuone.

Patapita zaka zoposa 20, mwana wina wa boma lomwe lino, mlakatuli Jack Mapanje wa m'mudzi wa Kadango, adamangidwa ku Zomba pa 25 Sepitembala 1987. Adakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka mu Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. M'masiku amenewo makalata ankatsegulidwa asanafike kwa eni ake, ndipo anthu ankayamba acheuka asanatchule dzina la mtsogoleri. Taonani mmene ulamuliro umenewo udakhalira: boma linkafuna kudziwa zonse za munthu, koma munthuyo sankaloledwa kudziwa ngakhale chifukwa chimene wamangidwira. Kusuzumira ndi kubisa ndi mapasa. Kumene kuli mmodzi, mnzake sakhala patali.

Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi ya m'nyengo ya Lenti, imene idadzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Mmodzi mwa amene adasaina anali Ambuye Alessandro Assolari, Episkopi wa Mangochi, ndipo kalatayo idasindikizidwa ku Balaka, m'dayosizi yathu yomwe ino. Boma lidalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu, Aepiskopi adafunsidwa mafunso ndi apolisi kwa maola ambiri, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka idayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Koma pali china chimene sitiyenera kuiwala. Akuluakulu a chipani cholamula atakumana ku Lilongwe, ena mwa iwo adayankhula zoti Aepiskopi aphedwe. Mawu amenewo adajambulidwa, tepi yake idatuluka, ndipo dziko lapansi lidamva. Kwa nthawi yoyamba, amene adazolowera kumvetsera za anzawo adamvedwa iwo eni. Chinsinsi cha olamula chitaululika, mantha adasamukira mbali ina. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Malonjezo awiri

Amene adalemba malamulo oyendetsera dziko lino mu 1994 anali anthu okumbukira zonsezi, ndipo adatisiyira malonjezo awiri. Gawo 21 likuteteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo likutchula mwachindunji makalata ndi mauthenga a pa lamya kuti asasokonezedwe. Gawo 37 likupatsa munthu aliyense ufulu wopeza zimene boma likusunga, ngati zikufunika kuti munthuyo agwiritse ntchito ufulu wake. Gawo loyambalo likutseka chitseko cha nzika. Lachiwirilo likutsegula chitseko cha boma.

Tsono tiyeni tiwerenge zaka. Kuti gawo 37 ligwire ntchito mokwanira panafunika lamulo lofotokoza njira yofunsira ndi nthawi yoyankhira. Atolankhani, motsogozedwa ndi bungwe la MISA Malawi, adalirira lamulo limeneli kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu Disembala 2016. Pulezidenti Peter Mutharika adalisaina mu Febuluwale 2017. Koma lidagona m'kabati kwa zaka zina zitatu ndi theka chifukwa nduna sidalengeze tsiku loyambira, mpaka pa 30 Sepitembala 2020, mu ulamuliro wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Kuchokera 1994 kufika 2020 ndi zaka 26. Mwana wobadwa m'chaka cha lonjezo anali atakwatira kale pamene lonjezolo linkakwaniritsidwa. Nthawi yonseyi lamulo la atsamunda losunga zinsinsi za boma, lija la 1913, linali chikhalire m'mabuku athu.

Kodi kugula zida zosuzumira kudatenganso zaka 26? Ayi ndithu.

Makina oyamba ndi makina achiwiri

Mu 2010, mu ulamuliro wa Pulezidenti Bingu wa Mutharika, bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA lidagula makina otchedwa CIRMS ku kampani ya ku Amerika ya Agilis International, pa mtengo wa madola 6.8 miliyoni. Anthu adawapatsa dzina lakuti makina aukazitape. MACRA idafotokoza kuti cholinga chake n'kuyeza ngati makampani a foni akutumikira anthu bwino, kudziwa ndalama zenizeni zimene makampaniwo amapeza kuti asazembe msonkho, ndi kugwira akuba a pa netiweki. Zolinga zimenezi si zoipa. Vuto linali njira yake: kuti makinawo agwire ntchito ankafuna kaundula wa mafoni a anthu, wosonyeza amene waimba, amene waimbiridwa, nthawi yake, kutalika kwa macheza, ndi dera limene woimbayo anali. Makampani a foni adachenjeza makasitomala awo kuti sangathenso kulonjeza chinsinsi. Nzika ziwiri zidakamang'ala kukhoti, ndipo mu 2012 Bwalo Lalikulu la Milandu lidaletsa makinawo. Mu 2014 Bwalo Lalikulu la Apilo lidatembenuza chigamulocho mokomera MACRA. Kampani ya TNM idapitiriza kulimbana mpaka mu 2017, pamene makhoti adatsegulira MACRA njira.

Wina anganene kuti, ngati sakumva mawu enieniwo, vuto lili pati? Tiyeni tiganize. Ngati kaundula akusonyeza kuti mtsikana wakuti amaimbira nambala ya chipatala tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse, kodi pakufunikanso kumva mawu kuti udziwe za matenda ake? Ngati akusonyeza kuti kalaliki wa ku khonsolo adaimbira mtolankhani katatu usiku, ndipo m'mawa mwake nkhani ya katangale idatuluka m'nyuzipepala, kodi pakufunikanso mboni? Mapazi a pamchenga sayankhula, koma amauza aliyense kumene wachokera ndi kumene walowera. Ndipo kuyambira mu 2018, pamene kulembetsa nambala za foni kudakhala kokakamiza, nambala zathu zidamangiriridwa ku ziphaso zathu za unzika. Mapazi amenewa tsopano ali ndi dzina ndi chithunzi.

Mu Januwale 2025, patatsala miyezi isanu ndi itatu kuti tivote, MACRA idalengeza kuti ikufuna kupereka kontirakiti ya madola 1.5 miliyoni ku kampani ya ku Ghana ya Hashcom, ya makina olondola nkhani zabodza ndi zosocheretsa pa intaneti. Inali nthawi imene anthu ankagona pa mizere ya mafuta a galimoto chifukwa chosowa ndalama zakunja. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu, kuphatikizapo CDEDI, adatsutsa mwamphamvu. MACRA idayankha kuti makinawo ndi oona mmene nkhani zikuyendera pa masamba a poyera, osati owerengera mauthenga a munthu payekha. Mwina n'zoona. Koma m'dziko la ufulu mawu akuti tikhulupirireni si yankho. Yankho ndi chikalata chimene munthu angachiwerenge, lamulo limene angaliloze, ndi khoti limene angathawireko. Ndiponso ndani amene amagamula kuti nkhani iyi ndi yabodza? Mu 1992 boma lidanena kuti kalata ya Aepiskopi inali youkira.

Onani kuti makina oyamba adagulidwa pansi pa DPP, ndipo achiwiri adalengezedwa pansi pa MCP. Pa 16 Sepitembala 2025 tidavota ndipo boma lidasinthanso. Apulezidenti amabwera ndi kupita, koma makina savota, sachoka pa mpando, ndipo amatumikira aliyense amene wapeza makiyi. Wachinyamata amene amawomba m'manja chipani chake chikamagula chida chotere aziganizira tsiku limene chidacho chidzakhale m'manja mwa chipani chimene amadana nacho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sitikulota zinthu zimenezi. Mu Epulo 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, namulanda foni ndi kompyuta, pofuna kuti aulule amene adamupatsa chikalata chokhudza malipiro a boma ku kampani yokhudzana ndi Zuneth Sattar. Taonani chadodolido chija: nkhani inali ya ndalama za anthu, zimene anthu anali ndi ufulu wozidziwa, koma amene adafufuzidwa ndi amene adaziulula. Mu Meyi chaka chomwecho namwino wina wa ku Ntcheu adamangidwa chifukwa cha mawu onena za Pulezidenti amene adalemba pa gulu la WhatsApp, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la za pa intaneti. Mu Febuluwale 2024 apolisi adalanda mafoni ndi makompyuta a atolankhani 14 a MBC pofufuza tsamba limodzi la Facebook. M'foni ya mtolankhani muli mayina a anthu amene adamuuza zinthu mwachinsinsi, muli zithunzi za ana ake, muli macheza a m'banja mwake. Zonsezi zidapita m'manja mwa ena chifukwa cha tsamba limodzi.

Mbedza ndi khoka

Tisanamizane: mbali inayo ili ndi mfundo zake, ndipo tiyenera kuziyankha mwachilungamo. Akuba a pa foni alipo. Ambiri a ife tidalandirapo uthenga wonama wakuti tawina mphoto, kapena wakuti ndalama zalowa molakwika tibweze, ndipo agogo ena adataya ndalama za feteleza mwa njira imeneyi. Mphekesera nazo zimapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa idafala ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Boma limene silingathe kulondola chigawenga pa foni likulephera udindo wake. Ife sitikunena kuti apolisi asafufuze.

Koma ife a kunyanja timadziwa kusiyana kwa mbedza ndi khoka. Mbedza imaponyedwa pofuna nsomba imodzi. Khoka limakokolola chilichonse chimene lapeza. Ndipo timadziwa zimene zimachitika munthu akasoka neti ya udzudzu pa khoka lake: amagwira chambo, kasawala ndi mazira omwe, mpaka nyanja imasauka. N'chifukwa chake boma lomweli lidaika malamulo a kukula kwa maso a ukonde, lidaika nyengo yotseka nyanja imene imayamba mu Novembala, ndipo makomiti a m'madoko amalanda zida zoletsedwa. Msodzi sauza a zausodzi kuti ndikhulupirireni, ukonde wanga ndi wabwino. Amautambasula pamchenga, iwo nkuuyeza. Tsono ngati ukonde wogwira nsomba umayezedwa poyera, bwanji ukonde wogwira mawu a anthu usayezedwe? Kufufuza munthu mmodzi amene pali umboni womukayikira, ndi chilolezo cha woweruza, kwa nthawi yodziwika, imeneyo ndi mbedza. Kusonkhanitsa za anthu onse kuti mwina tsiku lina zidzafunika, limenelo ndi khoka la neti ya udzudzu.

Pali mawu enanso amene timawamva kawirikawiri, akuti wosalakwa saopa kanthu. Mawu amenewa amakoma m'khutu koma ndi opanda mutu. Kodi amene amatseka chitseko cha bafa walakwa chiyani? Ife Akatolika timadziwa kuti wansembe saloledwa kuulula zimene wamva m'sakramenti la kulapa, ngakhale atamuopseza ndi imfa, chifukwa munthu sangatsegule mtima wake pamene akudziwa kuti pali khutu lachitatu. Chinsinsi si chophimba cha uchimo. Ndi malo amene chikumbumtima chimapumira. Ndiponso anthu a m'mudzi wa Moto sadafunsidwe ngati ali olakwa. Amene amagamula za kulakwa ndi amene wagwira makiyi, ndipo tanthauzo la kulakwa limasintha boma likasintha. Choopsa chachikulu si kumangidwa kwa anthu ochepa, koma kukhala chete kwa anthu ambiri: mphunzitsi amene waona ufa wa phala la ana ukubedwa koma akuopa kuimba foni, namwino amene waona mankhwala akutuluka pakhomo la kuseri koma wasankha kusunga ntchito yake.

Mu 2024 dziko lino lidalandira lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, lotchedwa Data Protection Act. Ndi sitepe yabwino ndipo tikuyamikira. Koma bungwe limene lidapatsidwa udindo woteteza zinsinsi zathu pansi pa lamuloli ndi MACRA yomweyo, imene imagula makina olondola mauthenga, ndipo akuluakulu a bodi yake amasankhidwa ndi Pulezidenti. Sitikunena kuti ogwira ntchito kumeneko ndi anthu oipa. Tikunena kuti ngakhale pa mpira wa m'mudzi, woimba wezulo sakhala wosewera wa timu imodzi mwa ziwirizo. Munthu amene akuganiza kuti MACRA yamulakwira akadandaule kwa MACRA?

Phunziro la ku Joni

Abale athu ambiri a ku Mangochi ali ku South Africa, ndipo kumeneko nkhondo yomweyi idamenyedwa mpaka pamapeto. Mtolankhani Sam Sole adakayikira kwa zaka zambiri kuti boma linkamvetsera mafoni ake, koma akafunsa sankapatsidwa yankho lomveka. Umboni udatulukira mu 2015 m'zikalata za mlandu wina. Bungwe lake la amaBhungane lidapita kukhoti, ndipo mu Febuluwale 2021 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti lamulo lawo lomvetsera mafoni, lotchedwa RICA, linali loperewera. Khotilo lidati munthu amene foni yake yamvetseredwa ayenera kudziwitsidwa kufufuzako kukatha, kuti ngati adalakwiridwa athe kudandaula. Lidati atolankhani ndi maloya ayenera kutetezedwa mwapadera chifukwa amasunga zinsinsi za ena. Lidatinso kukokolola mauthenga a anthu mwachisawawa n'kosaloledwa chifukwa panalibe lamulo lokuvomereza. South Africa ili ndi zigawenga zoopsa kuposa zathu, komabe khoti lake silidaone kuti chitetezo chifuna mdima. Ngati zidatheka kumeneko, n'chifukwa chakuti wina adafunsa, adakanizidwa, nafunsanso.

Tsono tichite chiyani?

Kudandaula pa bawo kapena pa gulu la WhatsApp sikusintha kanthu. Chida chili kale m'manja mwathu, ndipo ndi lamulo lija lidayamba kugwira ntchito mu 2020, la Access to Information Act. Lamuloli likuti bungwe lililonse la boma likhale ndi mkulu wolandira mafunso a anthu. Likuti yankho liperekedwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza moyo kapena ufulu wa munthu, pasanathe maola 48. Amene sadziwa kulemba akhoza kufunsa pakamwa, mkuluyo nkulemba m'malo mwake. Ukakanizidwa uyenera kuuzidwa chifukwa, ndipo ukhoza kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, kenaka kukhoti. N'zoona kuti lamuloli limalola boma kusunga zinsinsi zina za chitetezo cha dziko. Ife sitikupempha dzina la chigawenga chimene apolisi akuchilondola lero. Tikupempha malamulo a kalondoledwe, ndipo malamulo sangakhale chinsinsi kwa anthu amene akuwalamulira.

Choncho tikupempha magulu a achinyamata, miphakati ndi makomiti a Chilungamo ndi Mtendere kuti akhale pansi, alembe kalata yaulemu yopita kwa mkulu wolandira mafunso ku MACRA, kope lake lipite ku Malawi Human Rights Commission ndi kwa phungu wa dera lathu. Tiitanenso anzathu a mpingo wa Anglican ndi abale athu Asilamu kuti asaine nafe, pakuti nsanja ya netiweki sifunsa chipembedzo. Mafunso ake akhale awa:

1. Kodi makina a CIRMS ndi makina olondola nkhani zabodza amasonkhanitsa chiyani kwenikweni za munthu wamba, ndipo zimasungidwa kwa nthawi yaitali bwanji?

2. Ndani ali ndi chilolezo choona zimene zasonkhanitsidwazo, ndipo kodi pali kaundula wosonyeza amene adaziona ndi tsiku lake?

3. Kodi apolisi kapena nthambi ina ya boma ikafuna mbiri ya foni ya munthu imatsata njira yanji, ndipo zopempha zotere zimakhala zingati pa chaka?

4. Kodi makontirakiti a makinawa tingawaone, popeza adalipiridwa ndi ndalama za anthu? Nanga makampani akunja amene adawapanga amatha kuona zimene zili m'kati?

5. Ndani amagamula kuti nkhani ndi yabodza, pogwiritsa ntchito muyezo uti, ndipo amene nkhani yake yatchedwa yabodza angadziteteze kuti?

Kwa aphungu athu tikupempha zinthu zinayi zomveka: kuti pasakhale kulondola foni ya munthu popanda chilolezo cha woweruza chotchula munthuyo ndi nthawi yake, kuti wofufuzidwa adziwitsidwe kufufuza kukatha, kuti chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo ilandire lipoti la poyera la mmene mphamvuzi zagwirira ntchito, ndi kuti woteteza zinsinsi za anthu akhale bungwe loima palokha. Ndipo mfundo zonsezi zimasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti mayi wogulitsa nsomba pa msika wa Malindi azimve yekha popanda womasulira.

Pomaliza tidziyang'ane tokha, pakuti sitingadzudzule boma pa chinthu chimene ife tikuchichita tsiku ndi tsiku. Ndani mwa ife sadatumizepo kwa ena uthenga umene mnzake adamulembera iye yekha? Ndani sadamvetserepo mawu ojambulidwa mobisa, nkuseka, nkuwapatsira ena? Atsikana angati asiya sukulu chifukwa chithunzi chawo chidayenda m'mafoni a m'mudzi wonse? M'masiku a chipani chimodzi, boma silinali ndi makompyuta. Linali ndi anansi okonzeka kunena za anansi awo. Makina aukazitape oopsa kwambiri ndi mtima wokonda kuulula za ena. Komanso tisafalitse nkhani imene sitidaitsimikize, chifukwa bodza lililonse limene timatumiza limapatsa olamula chifukwa chogulira khoka lina.

Agogo athu a ku Malindi adakhala chete chifukwa kufunsa kunali imfa. Aepiskopi a 1992 adayankhula pamene kuyankhula kunali mlandu. Ife tili ndi gawo 21, gawo 37, ndi lamulo lotipatsa masiku 15 oyembekezera yankho. Chimene chikufunika kwa ife ndi pepala, cholembera ndi kupirira kolembanso kalata yachiwiri yoyamba ikapanda kuyankhidwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tikakumana pa mphakati sabata ino, wina abweretse pepala.

Ambuye atipatse nzeru ndi kulimba mtima, ndipo akudalitseni nonse m'sabata imene tayambayi.